Mnyamata wamtaliyo musamuimike pansi pa ring

Mphunzitsi wina wa kusekondale wanditumizira imelo. Akuti m'timu yake ya basketball muli mnyamata wa Fomu 2, wazaka 14, yemwe wawapitirira kale msinkhu aphunzitsi onse pasukulupo. Vuto n'lakuti mpira sukhazikika m'manja mwake, akangounjanjitsa kawiri wamuthawa. Aphunzitsi anzake akuti asavutike naye, angomuimika pansi pa ring, mkombero woponyamo mpira uja, azidikira mipira yam'mwamba, sukulu itenge chikho. Ndiye akufunsa: atero?

Aphunzitsi, chikhocho mukhoza kutengadi. Pa msinkhu umenewu mwana wamtali amangotambasula mikono, anzake n'kumalumphalumpha pachabe. Koma ine ndikuti musatero.

Ana sakula nthawi imodzi. Wina amathamanga kutalika ali ndi zaka 13 n'kuima pa 15, wina amachita kudzidzimuka mochedwa. Amene lero akumulekeza m'khwapa, pofika Fomu 4 ena adzakhala atamupeza. Pamenepo mudzatsala ndi mnyamata wosatha kunjanjitsa mpira, wosatha kupatsira, wosatha kuponyera patali, ndipo utali umene unkamudyetsa uja aliyense ali nawo. Zaka zimene thupi limagwira luso msanga mudzakhala mutazithera pomuimika malo amodzi.

Taonani za Anthony Davis. Ali kusekondale ku Chicago ankasewera kunja, kuyendetsa mpira, chifukwa sanali wamtali kwenikweni. Kenaka anatalika masentimita pafupifupi 20 asanamalize sukulu, koma luso la m'manja lija silinachoke. Mu 2012 ndiye anali woyamba kusankhidwa polowa mu NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America.

Choncho pa zokonzekera musamupatule. Afupiafupi akamanjanjitsa mpira ndi dzanja lamanzere kuchoka mzere uno kukafika uko, naye akhale pamzere womwewo. Mpira uzimumenya phazi n'kugubuduzika kupita kumaluwa, anzake aziseka, iye aziutola n'kuyambiranso. Apa ntchito yanu yaikulu ndi kuletsa kusekako kusasanduke chipongwe, chifukwa ana otalika msanga ambiri amayenda chowerama kale ndi manyazi. Pa masewero a atatuatatu muzimupatsa mpira ali kunja, aphunzire kuona mnzake amene ali poyera. Pansi pa ring azilowapo ndithu, koma mothamanga, pajatu lamulo silimulola kuima m'bokosi lojambulidwa pansi pa ring kupitirira masekondi 3 timu yake ikakhala ndi mpira.

Mapazi ndiwo ndingathere nthawi yambiri. Aphunzire kuima ndi mapazi onse awiri akalandira mpira, kukhomerera phazi limodzi pansi n'kuzungulira nalo osalisuntha. Akafuna kukamenya mpira wamiyendo Loweruka, musamukanize. Hakeem Olajuwon anakulira ku Lagos, ku Nigeria, ali goloboyi, basketball anaiyamba ali kale mnyamata wamkulu, ndipo mwiniwake ankanena kuti kupepuka kwa mapazi kuja anakutenga ku mpira wamiyendo. Mapazi omwewo anathandiza timu yake ya Houston Rockets kutenga chikho cha NBA mu 1994 ndi 1995. Joel Embiid, katswiri wina wamtali wa mu NBA, naye ku Yaoundé, ku Cameroon, ankasewera volleyball ndi mpira wamiyendo mpaka zaka 15.

Potchinga, ndikudziwa kuti zone, njira yoti aliyense azilondera malo ake m'malo mogwira munthu, imakopa: wamtali pakati, anayi momuzungulira, ana a timu ina osatha kuponyera patali, mwapambana. Koma mwana saphunziramo kanthu. Aliyense azigwira munthu wake, wamtaliyo nthawi zina mumupatse kamnyamata kothamanga kuti aphunzire kutsika m'chiuno ndi kuyenda cham'mbali. Masewero ena muluza, ahedi akufunsani mafunso. Auzeni chifukwa chake nyengo ya mipikisano isanayambe.

Chinthu china chimene simunafunse ndi mawondo. Mwana akamakula mothamanga chonchi, mafupa amatsogola, minofu n'kumakokeka pambuyo. Ambiri amamva kuwawa kunsi kwa bondo, pakafupa kotukuka kaja, vuto lomwe madokotala amalitcha Osgood-Schlatter. Mabwalo athu asimenti amawonjezera ululuwo. Akadandaula musamunene ulesi. Muchepetsereni zolumphalumpha kwa masabata angapo, aziponya ataima ndi kuwongola minofu ya m'ntchafu, ndipo pakatupa kapena akayamba kutsimphina, uzani makolo apite naye kuchipatala. Muyang'anenso nsapato zake, chifukwa phazi la mwana wotere limakula teremu isanathe, ndipo ambiri amangopirira osanena.