Nyama yophika ndi zipatso ya ku Iran: bwanji msuzi wanga unasanduka jamu?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe. Akuti pamene anali pa sukulu ku Britain, mnzawo wa ku Iran anawaitanira chakudya kunyumba kwake, nyama ya nkhosa yophikira limodzi ndi zipatso zouma, ndipo mpaka lero amaikumbukabe. Atayesa kuphika okha, zipatso zinasungunuka, msuzi unazuna ngati jamu, ana anangodya mpunga ndiwo n'kuzisiya m'mbale. Akufunsa kuti analakwitsa pati, komanso ngati zofunika zake zingapezeke kuno.

Mayi, zimene munadyazo eni ake amazitcha khoresh, dzina la ndiwo zonse za msuzi zophikidwa nthawi yaitali pamoto wochepa. Malinga ndi mmene mwafotokozera, inali khoresh-e aloo, ya mapulamu ouma. Ilipo ina ya quince, chipatso chachikasu chonga apozi, yotchedwa khoresh-e beh, komanso fesenjan ya ku Gilan, m'mbali mwa nyanja ya Caspian, yophikidwa ndi nkhuku kapena bakha, mtedza wa walnut wopera ndi madzi a makangaza owiritsa mpaka kukhuthala.

Chinakusokonezani ndi ichi: ife tikamva chipatso timaganiza zozuna. Mu khoresh, ntchito yaikulu ya chipatso ndi kuwawasa. Mapulamu amene anthu a ku Iran amakonda, aloo Bukhara, ndi achikasu ndipo ndi owawasa ndithu. Ma prune, mapulamu ouma akuda amene timagula m'masitolo akuluakulu m'tauni, ndi ozuna kwambiri. Ndiye mukathira amenewo, n'kuwonjezeranso shuga monga munanena kuti munachita, jamu sangalephere. Kukoma kumene amakufuna ali nako ndi dzina lake, malas, pamene kuwawasa ndi kuzuna zakumanirana pakati, china osapondereza chinzake.

Ine ndimaphika chonchi. Pa theka la kilogalamu ya nyama ndimadula anyezi awiri akuluakulu mopyapyala. Nkhosa ikasowa, mbuzi imachita bwino, makamaka ya mafupa, ya pakhosi kapena pamwendo. Anyeziyo mumukazinge modekha, mphindi 15 kapena kuposa, mpaka afiirire ngati uchi koma asapserere. Apa musafulumire, chifukwa kukhuthala kwa msuzi kumachokera pa anyezi ameneyu. Kenako thirani supuni yaing'ono imodzi ya turmeric, uja ena timati chikasu, ndi tsabola wakuda pang'ono, mutakase kamphindi kuti fungo lauwisi lichoke, muike nyama ikazingike mbali zonse. Dzanja lidzafuna kuthira tomato wambiri monga tinazolowera, ligwireni. Supuni imodzi ya tomato paste ndi yokwana, ena saikako n'komwe.

Thirani makapu atatu a madzi otentha ndi kamtengo kamodzi ka sinamoni, muvundikire. Moto ukhale wochepa, woti poto azingoti bwata... bwata..., osati kugaduka. Pa mbaula ndimachotsako makala ena n'kuwaza phulusa pa otsalawo. Mbuzi imafuna ola limodzi ndi theka, nthawi zina maola awiri.

Zipatso zimalowa nyama itafewa kale, kutatsala mphindi 25 kapena 30 kuti muphule. Apa ndi pomwe panalakwika kachiwiri, poti munaziika limodzi ndi nyama poyambirira. Ma prune 12 kapena 15 akwana. Muyambe mwawakazinga m'mafuta pang'ono mphindi ziwiri mpaka afufume ndi kunyezimira, akatero saphwanyika msanga. Mukawaika m'poto musatakasenso ndi chipande, ingogwedezani potoyo. Mukafuna kugwiritsa ntchito maapozi, sankhani obiriwira owawasa aja, muwadule zigawo zikuluzikulu, muwakazinge kaye, ndipo alowe mochedwerapo kuposa ma prune.

Tsono chowawasa. Madzi a mandimu masupuni awiri kapena atatu amathandiza, koma ine ndimakonda bwemba. Ndimanyika kachibulunga kakang'ono m'madzi ofunda, kufinya, kusefa, n'kumathira supuni imodziimodzi uku ndikulawa. Musaope kuti mwapatuka: kumwera kwa Iran, cha ku Bushehr ndi Khuzestan, amaphikira bwemba ndiwo ya nsomba yotchedwa ghalieh mahi, choncho si mlendo m'miphika yawo. Lawani mchere ukakolera. Shuga abwere pomaliza penipeni ngati msuzi wawawasa mopitirira, ndipo akhale wa kunsonga ya supuni.

Za saffron, timaulusi tofiira ta duwa tokometsera ndiwo, ndi yokwera mtengo ngakhale kuti yambiri ya padziko lonse imalimidwa ku Iran komweko, ku Khorasan. Mukaipeza, perani timaulusi tochepa ndi kashuga, muthire madzi otentha masupuni awiri, muike kumapeto. Ikasowa, khoresh wanu adzakomabe.

Mudzadziwa kuti zapsa mukaona msuzi wachepa n'kukhuthala, timafuta tofiirira tayandama m'mbali mwa poto. Eni ake amati ja oftadeh, kutanthauza kuti ndiwo zakhazikika m'malo mwake. Msuzi ukakhala wamadzimadzi, vundukulani poto mphindi khumi.

Chodyera chake ndi mpunga woyera wosamatana, ndipo wa Kilombero umayenera bwino ndi fungo lake lija. Mwina munaonanso mnzanuyo akugawa nkhoko za pansi pa poto ngati chinthu chaulemu. Imeneyo ndi tahdig, amaipanga mwadala poika mafuta pansi pa poto mpunga wowiritsa pang'ono usanabwereremo kukamalizika ndi nthunzi. Anawo muyambe mwawapatsa nkhokozo mutazithira msuzi pang'ono, chipatso chimodzi pambali. Mukayesanso mundilembere, ndikufuna kumva ngati bwemba wagwirizana ndi pakamwa pawo.