Zonse zikuoneka ngati madzi, ndiye ma ayoni ndiwadziwa bwanji?

Mtsikana wina wa Folomu 4 wa ku Ndirande wanditumizira imelo. Akuti pa pulakitiko ya kemisitiri amawapatsa ma solution ooneka ngati madzi wamba nkuwauza kuti apeze ma ayoni omwe alimo, mitundu analoweza koma zinc, aluminium ndi lead zimamubalalitsa, komanso sakumvetsa kuti asidi amayamba kuthira chifukwa chani asanathire silver nitrate. MSCE nayo ili pakhomo.

Mchemwali wanga, chikukuvuta ndi kulowezako, tiye tiyambe ndi zomwe zikuchitika mu test tube mo. Mchere wothira mndiwo uja ndi sodium chloride, sodium inapereka elekitironi imodzi kwa chlorine nkukhala Na+ ndi Cl-, tizidutswa tokhala ndi chaji tomwe timati ma ayoni, ndipo zimakokana mwamphamvu moti kuusungunula ndi moto pamafunika madigiri 801. Koma ukangouponya mmadzi ma ayoni aja amamasukana, iliyonse kumayenda payokha, nchifukwa chake madzi amchere amadutsitsa magetsi pomwe a shuga ayi. Ndiye ma test ambiriwa nkhani yake ndi imodzi: ukuthiramo ayoni ina yoti ikakumana ndi yomwe ukuisakayo zipange chinthu chosasungunuka mmadzi, chija amati precipitate. Basi.

Ukathira sodium hydroxide, copper amapereka buluu, iron(II) girini wodera, iron(III) wofiirira ngati dzimbiri. Awa savuta. Ovuta ndi oyerawa, ndipo apa ndikupempha, thira dontho limodzi limodzi uku ukugwedeza, osangokhuthula, chifukwa zinc, aluminium ndi lead onse amayamba ayera kenako ukaonjezera sodium hydroxide wambiri zoyerazo zimasungunukanso, nde ukathira mopupuluma zimabwera nkuchoka iwe osaona nkulemba kuti palibe chachitika. Koma calcium amayera nkukhala choncho olo uthire bwanji. Kuti usiyanitse atatu aja tenga solution yatsopano mu test tube ina, uthire ammonia. Zinc amayera nkusungunukanso ammonia akachuluka, aluminium ndi lead sasungunuka. Atsala awiri, thira potassium iodide, lead amapereka yelo wowala kwambiri, aluminium zii. Ine test ya lead imeneyi ndimaikonda, yelo wake sungamuiwale ukamuona kamodzi.

Za asidi zija, wosokoneza ndi carbonate. Silver nitrate akakumana ndi chloride amapanga silver chloride woyera, bromide amapereka kirimu, iodide yelo. Koma carbonate ikakhalamo nayonso imapanga precipitate ndi silver, iwe nkuganiza kuti wapeza chloride pomwe mulibe. Asidi amayamba waichotsa carbonate ija, imatuluka ngati mpweya wa carbon dioxide. Ndipo akhale nitric acid wosungunula, osati hydrochloric acid, chifukwa ameneyo ali kale ndi chloride ndiye ukhala wathiramo wekha chomwe ukufufuza. Pa sulphate chimodzimodzi, barium chloride amapanga barium sulphate woyera koma barium carbonate nayenso ngoyera, nde yamba asidi, bola asakhale sulphuric acid.

Carbonate yo ukhoza kuiona kunyumba lero lomwe. Tapa soda wophikira therere pa supuni, finyirapo ndimu kapena viniga, uona thovu kuti fwaa, ndiye carbon dioxide ameneyo, mu labu timamudutsitsa mu limewater nkuyera mbuu. Chidulo cha agogo nachonso chimachita thovu ndi asidi chifukwa phulusa limakhala ndi potassium carbonate. Ammonium ali mu feteleza ngati CAN ndi ammonium sulphate, umathira sodium hydroxide nkutenthetsa pang'ono, mpweya wotulukawo umasandutsa litmus yofiira yonyowa kukhala ya buluu. Inyowe kaye pepalayo, youma siionetsa bwino.

China chomwe ana ambiri sachilabadira ndi madzi otsukira. Madzi ambiri a mmipopi muno mu Blantyre amachokera mu Shire ku Walker's Ferry ndipo amathiridwa chlorine kuti akhale abwino kumwa, ndiye amakhala ndi ka chloride pang'ono kokwanira kupanga precipitate yoyera ndi silver nitrate. Test tube yako tsukuluza ndi distilled water, ndipo dropper imodzi isalowe mmabotolo awiri.

Polemba usathamangire dzina la ayoni. Lemba kaye zomwe maso ako aona, monga white precipitate, soluble in excess (zoyera zosungunukanso ukathira wambiri), kenako ayoni yomwe ukuiganizira, ndipo ngati pa sitepe imeneyo akukwanira atatu alembe onse atatu, test yotsatira ndiyo ichotse ena. Sodium hydroxide akakudonthera pakhungu samba pompo ndi madzi ambiri chifukwa amawotcha, ndipo silver nitrate samala naye, amadetsa zala kwa masiku angapo.