Kodi HIJKLMNO ndi funso lachilungamo?

Mayi ena amene akugwira ntchito ku Leeds, ku England, anditumizira imelo. Angoyamba kumene kusewera crossword za mtundu wa cryptic za m'nyuzipepala za ku Britain, masewera oyankha mafunso polemba mawu odutsana m'timabokosi, ndipo mnzawo wa kuntchito anawaonetsa funso ili: HIJKLMNO (5). Yankho lake akuti ndi WATER. Mayiwa akufunsa kuti: "Kodi chimenechi si chinyengo? Nanga ndikakanika funso, ndidziwa bwanji ngati vuto ndi ine kapena wolembayo?"

Zikomo mayi. Tiyambe taona mmene funso labwinobwino limakhalira.

Funso la cryptic limakupatsani yankho kawiri. Kumayambiriro kapena kumapeto kwake kumakhala tanthauzo la liwu lomwe mukufuna, ndipo mbali yotsalayo ndi malangizo a kamangidwe ka liwulo, chilembo ndi chilembo. Nambala ya kumapeto ndi kuchuluka kwa zilembo. Zimene chiganizo chonsecho chikuoneka ngati chikukamba ndi nyambo chabe. Ndapeka ili m'Chichewa kuti muone: "Lemba mosokoneza chodyeramo nsima (5)". Liwu loti "mosokoneza" likukuuzani kuti musanjenso zilembo za LEMBA, ndipo mupeza MBALE, chomwe ndi chodyeramo nsima. Njira ziwiri zakumana pamalo amodzi, moti simufunikanso kufunsa munthu ngati mwakhoza. Kwa ine muyeso ndi umenewu. Kuvuta kwa funso si mlandu. Mlandu ulipo pamene mwauzidwa yankho, mwabwerera ku funsolo, koma mawu ake sakukufikitsani pa yankholo.

Muyesowu uli ndi mbiri yake. Edward Powys Mathers, yemwe ankadzitcha Torquemada, anayamba kulemba mafunso ovuta otere mu The Observer mu 1926, ndipo nthawi imeneyo malamulo anali asanakhazikike. Atamwalira mu 1939, m'malo mwake munalowa mphunzitsi wina, Derrick Macnutt, pa dzina loti Ximenes, ndipo buku lake la 1966 ndi limene anthu amalozabe akamakangana za chilungamo. Mayina awiriwa, Torquemada ndi Ximenes, ndi a akuluakulu a bwalo lozunza anthu la Inquisition ku Spain, choncho alembiwa ankadziwa bwino zimene ankawachita owerenga awo. Mnzawo wina, Afrit, anali ataika kale mfundoyi mwachidule mu 1949: wolemba sakakamizika kutanthauza zimene akunena, koma ayenera kunena zimene akutanthauza.

Chinyengo chenicheni chimaoneka chonchi. Nditati ndilembe kuti "Ika mawu papepala mosokoneza chodyeramo nsima (5)", ndiye kuti muyambe mwalota kuti ndikuganiza za liwu loti "lemba", kenako mulisokoneze. Zilembo zoti musanje mulibe m'funsomo. Ximenes anakana zimenezi, ndipo pafupifupi akonzi onse a ku Britain amazikana mpaka lero. Ndikugwirizana nawo kwathunthu, chifukwa pamenepo wolemba wasiya kusewera nanu, akungokubisirani zinthu.

Vuto lina laling'ono ndi mawu ongodzazira. "Fruit found in woman going (5)" ndi funso loyera: MANGO wabisala pakati pa "woman" ndi "going". Ndikawonjezera "home" kumapeto kuti chiganizo chikome, liwulo lilibe ntchito iliyonse, ndipo otsatira Ximenes andidzudzula. Ineyo izi ndimakhululuka msanga, bola lisakhale liwu lokusocheretsani dala.

Tsopano HIJKLMNO. Zilembozi zikuyambira pa H kulekezera pa O, pa Chingerezi "H to O", zomwe zimamveka ngati H2O, madzi. Malinga ndi malamulo a Ximenes funsoli lagwa, popeza mulibe tanthauzo ndipo palibe chokuchenjezani kuti mumvetsere kamvekedwe. Komabe ine sindilitcha chinyengo. Mukangolizindikira, simukayikanso kuti mwina pali yankho lina. Lili ngati ndagi za kumudzi: wofunsa sakupatsani njira ziwiri, koma yankho likatchulidwa aliyense amavomera. Funso limodzi lotere pakati pa mafunso pafupifupi 30 ndi lolandirika, makamaka ngati mayankho odutsana nalo akupatsani kale W, T ndi R. Atakhala asanu, nyuzipepalayo ndingaipinde n'kuisiya.

Dziwaninso kuti si onse amene amamvera Ximenes. John Graham, wansembe wa mpingo wa Anglican yemwe ankadziwika ndi dzina loti Araucaria ndipo ankalemba mu The Guardian kuyambira mu 1958 mpaka imfa yake mu 2013, ankapinda malamulo kawirikawiri, ndipo anthu ankamukonda koopsa. Mpaka pano The Guardian imalekerera alembi ake kuposa The Times. Ngati mukufuna mafunso oti liwu lililonse mungaliimbe mlandu, yambani ndi The Times, makamaka Quick Cryptic yawo yomwe anakonzera ongoyamba kumene.

Pali chinanso chimene chidzakupwetekani mtima koma si chinyengo. Alembiwa ali ndi zidule zawo zimene aliyense wokulira m'masewerawa amazidziwa: "sailor" amakhala AB kapena TAR, "way" ndi ST kapena RD, "doctor" ndi DR, MO kapena GP, ndipo "leg" akhoza kukhala ON chifukwa cha masewera a cricket. Amene sanakulire ku England amaona ngati akumupondereza, pomwe n'zongofunika kuloweza. Sungani kabuku kolembamo zidulezi. Funso likakukanikani ngakhale mutaona yankho, pitani pa Fifteensquared pomwe amamasulira mafunso a The Guardian limodzilimodzi, kapena pa Times for the Times ngati ndi a The Times. Mukapeza kuti akatswiri a kumeneko nawonso akudandaula za funso lomwelo, ndiye kuti wolakwa si inu.