Funsani Amisiri: Kodi wailesi ya agogo ingalankhulenso?

FUNSO: Amisiri, pamene tinkasasula denga la nyumba ya malemu agogo anga kumudzi kwathu ku Katete, tinapeza m'bokosi lachitsulo wailesi yabuluu yozungulira ngati sefuliya, yolembedwa Ever Ready. Ili ndi chingwe cha mawaya angapo koma ilibe pulagi ya pakhoma. Amalume akuti agogowo anaigula akugwira ntchito ku Fort Jameson (Chipata ya masiku ano), ndipo madzulo anthu ankadzaza pakhonde kudzamvera. Mphwanga akufuna kuilumikiza ku batire la sola kuti tione ngati ikugwirabe ntchito. Kodi timulole? (Bambo a ku Katete)

YANKHO: Bambo, mumuletse mphwanuyo lero lomwe, chifukwa batire la sola la mavoliti 12 likangokhudza mawaya osayenera, mavalavu (timachubu tagalasi tokuza mawu) onse anayi amene ali m'katimo adzapsa nthawi yomweyo, ndipo wailesi imene yapulumuka zaka zoposa 70 idzafera m'manja mwa adzukulu.

Chimene mwapezacho ndi wailesi imene inkatchedwa Saucepan Special. Harry Franklin, amene anali mkulu woona zofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia (Zambia ya masiku ano), anafunafuna kwa nthawi yaitali kampani yoti ipange wailesi yotsika mtengo yoyendera batire, mpaka Ever Ready ya ku Britain inavomera, ndipo mawailesiwo anayamba kugulitsidwa mu 1949 pa mtengo wa mapaundi 5. Batire lake linkagulidwa padera ndi masheleni 25 ndipo linkatha pafupifupi maola 300. Mabowo ake anawatchinga ndi sefa wa waya kuti mphemvu ndi tizilombo tina tisalowe. Anthu amene ankadzaza pakhonde la agogo anu ayenera kuti ankamvera Central African Broadcasting Station ya ku Lusaka, imene inkaulutsa m'Chinyanja ndi m'zilankhulo zina, kumenenso Alick Nkhata ankaimba ndi kulengeza. Musaipakenso penti ina, ngakhale itakalika bwanji. Ipukuteni ndi kansalu konyowa pang'ono basi.

Kuti mumvetse chifukwa chake ndikuletsa batire la sola, muyenera kudziwa kuti m'valavu iliyonse muli kawaya kopyapyala kuposa tsitsi, kamene kamatenthedwa ndi mavoliti 1.4 okha, pamene mbali ina ya valavu yomweyo imafuna mavoliti 90 kuti ikoke mphamvu yochokera ku kawayako. Choncho batire lakale lija linali mabatire awiri m'phukusi limodzi. Masiku ano silipezeka m'sitolo, koma kulipanga sikovuta: batire limodzi lalikulu la tochi limapereka mavoliti 1.5, ndipo timabatire 10 ta mavoliti 9, tolumikizidwa mondondozana, timapereka mavoliti 90. Ngozi ili pa kusokoneza mawaya. Musadalire mitundu yake, popeza inafwifwa kalekale, koma mulondole waya uliwonse ndi mita yoyezera magetsi mpaka muone pamene wathera, kenako mumangepo kapepala kolemba. Ine ndimayamba ndalumikiza batire la tochi lokha, ndipo la mavoliti 90 ndimalibweretsa pomaliza, nditayang'ana kawiri.

Musanafike pa mabatire, zulani mavalavu imodziimodzi, mukuigwedeza pang'onopang'ono, ndipo mulembe malo a iliyonse. Pansi pake pali timiyendo 7 tozungulira ndi mpata umodzi waukulu. Ikani mita ya manambala pa timiyendo tiwiri ta mbali ndi mbali ya mpatawo. Ikasonyeza kuti njira ilipo, kawaya kaja kali moyo. Yang'ananinso banga lonyezimira ngati kalilole m'kati mwa galasi. Anthu ambiri amaganiza kuti banga limeneli ndi chizindikiro chakupsa, pamene ndi mankhwala amene opanga anaikamo kuti amwe mpweya wotsalira. Likayera ngati phulusa, ndiye kuti galasi linang'aluka ndipo valavuyo yatha. Malemba a pagalasi musawapukute ndi madzi, chifukwa amafufutika msanga ndipo ndiwo okhawo amene angakuuzeni dzina la valavu pofuna ina.

Pa zaka zimene ndakhala ndikutsegula mawailesi akale, ndaona kuti nthawi zambiri mavalavu amakhala abwino, ndipo chimene chimakalamba ndi makapasita (tizipangizo tosunga magetsi kwa kanthawi) a pepala okutidwa ndi phula, amene amamwa chinyontho cha nyengo ya dzinja chaka ndi chaka mpaka kuyamba kudutsitsa mphamvu pamene sayenera. Amenewo asintheni ndi atsopano a muyeso womwewo, limodzilimodzi, mutajambula chithunzi pafoni musanadule waya uliwonse. Koma timasikuluwu ta m'timabokosi ta aluminiyamu musatipotokole, ngakhale tikuoneka ngati tamasuka. Anatichuna ku fakitale ndi makina, ndipo munthu akatisokoneza, wailesi imagontha ngakhale zina zonse zili bwino.

Mukadzaiyatsa musadzayembekezere kuona moto m'mavalavu, popeza a batire sawala kwenikweni. Dziwaninso kuti wailesiyi imagwira shortwave yokha, mafunde amene amafika kutali, motero Breeze FM kapena Radio Maria, zimene zimaulutsa pa FM, simudzazimva. Mangani waya wautali kuchokera pa mtengo kufika pazenera, muzimitse invata ndi machaja a foni chifukwa amasokosera kwambiri, ndipo muyese dzuwa litalowa, pamene nyumba zoulutsira mawu zakutali zimamveka bwino.

FUNSO: Apongozi anga anatisiyira wailesi yaikulu ya bokosi lamatabwa yoyendera magetsi. Titaiyatsa inangolira kuti "huuu" mosalekeza, ndipo mwana wanga atakhudza kachitsulo pamene panachoka chopotokolera, magetsi anamugwira. Mnyamata wina wokonza mafoni akuti tichotse zonse za m'kati, aikemo sipika ya Bluetooth. Mutithandize nzeru. (Mayi a ku Kapata, Chipata)

YANKHO: Mayi, tithokoze kuti mwanayo ali bwino, ndipo wailesiyo muizule pakhoma, muisunge kumene ana safika. Mawailesi ambiri a m'zaka za m'ma 1950 anapangidwa opanda thiransifoma yolekanitsa magetsi a pakhoma ndi zipangizo zake, kotero kuti chitsulo chonse chimene zipangizo zimakhalapo chimalumikizana mwachindunji ndi waya umodzi wa magetsi a mavoliti 230. Mukaona mavalavu a mayina oyamba ndi U, monga UL84 kapena UY85, dziwani kuti yanu ndi ya mtundu umenewo. Bokosi lamatabwa, chotsekera cha kumbuyo ndi zopotokolera ndizo zinkateteza munthu, choncho wailesi yotere isayatsidwe chimodzi mwa izi chikusowa.

Kulira kumene mwamvako kumachokera ku kapasita wamkulu wosefa mphamvu, amene anauma chifukwa chokhala nthawi yaitali. Palinso kapasita wina wamng'ono amene amapereka mawu ku valavu yomaliza. Ameneyu akayamba kudontha, valavuyo imakoka mphamvu yopitirira muyeso, imatentha kwambiri, ndipo imatha kuwotcha kathiransifoma ka sipika, kamene n'kovuta kukapeza kuposa china chilichonse m'wailesimo. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa sayatsa wailesi yakale mwachindunji, koma amadutsitsa magetsi m'babu lakale la kawaya la mawati 60. Babulo likawala kwambiri osazirala, ndiye kuti m'kati muli vuto, ndipo babulo limachepetsa mphamvu zinthu zisanapse. Mababu a LED sagwira ntchito imeneyi. Ntchitoyi musaigwire nokha, Mayi, popeza makapasita aakulu amatha kusunga mavoliti oposa 200 ngakhale wailesi itazimitsidwa. Funani mmisiri wachikulire amene anakonzapo mawailesi ndi ma TV akale, ndipo mumufunse za babu limeneli musanamusiyire katundu wanu.

Maganizo a mnyamatayo sindikugwirizana nawo ngakhale pang'ono, chifukwa zimene akufuna kutaya ndizo wailesi yeniyeniyo, ndipo chotsala chidzakhala bokosi chabe. Makapasita atsopano ndi otsika mtengo, ndipo mavalavu ena, monga EL84, akupangidwabe mpaka lero ku Slovakia chifukwa oimba magitala amawafuna. Ngati mukufuna kumvera nyimbo za pafoni, yang'anani kumbuyo ngati pali mabowo olembedwa PU kapena Gram, amene ankalumikizirapo galamafoni. Pa wailesi ya thiransifoma mmisiri akhoza kulumikizapo kachipangizo ka Bluetooth popanda kuwononga kanthu, koma pa yopanda thiransifoma ayenera kuikapo kaye kathiransifoma kolekanitsa, kuti magetsi asafike pa chingwe chimene inu mudzagwira.