Kodi kuwala kwa pachipumi kungadziwe ngati wodwala wagonadi pa opaleshoni?

Mayi wina wokhala ku Britain wanditumizira imelo. Akuti bambo awo atachitidwa opaleshoni ya mtima anatuluka ali ndi timapepala tiwiri tomata pachipumi, ndipo namwino anati timeneti timalowetsa kuwala m'mutu n'kumayeza ubongo. Panopa nawonso akudikira opaleshoni, ndipo chikuwasowetsa tulo n'choti mwina angadzatsitsimuke madokotala ali mkati mocheka. Funso lawo ndi lakuti, atapempha kachipangizo komweko, kodi kangatsimikize kuti agonadi?

Mayi, mantha anuwa ndi omveka, ndipo musachite nawo manyazi. Koma kachipangizo munaonako sikayeza tulo. Kamayeza magazi.

Mukaphimba tochi ndi chikhato usiku, zala zimafiira. Ndiye kuti kuwala kofiira kumatha kudutsa m'thupi. Kuseri kwa kufiirako kuli kuwala kwina kosaoneka ndi maso, kotchedwa near-infrared, ndipo kumadutsa khungu ngakhale fupa la chigaza. Mu 1977, Frans Jöbsis wa ku Duke University ku America anasonyeza kuti kuwalaku kungagwiritsidwe ntchito poyeza okosijeni wa muubongo popanda kuboola paliponse. Chinsinsi chake chili pa hemoglobin, chinthu chimene chimafiiritsa magazi. Ikanyamula okosijeni imameza kuwalako mosiyana ndi mmene imamezera ikamutula. Choncho kapepala kamodzi kamakhala ndi kanyali ndi timaso tolandira kuwala kobwerera, motalikirana masentimita atatu kapena anayi. Makina amawerengera kuwala kumene kwasowa panjira, n'kuonetsa nambala, imene mwa anthu ambiri imakhala pakati pa 60 ndi 75 peresenti.

Pa opaleshoni ya mtima nambala imeneyi ndi yamtengo wapatali. Mtima ukaimitsidwa n'kusiyira makina ntchito yopopa magazi, dokotala amafuna adziwe msanga ngati mbali ina ya ubongo yayamba kupereweredwa okosijeni. Bambo anu anawamatira pa chifukwa chimenecho.

Nanga bwanji osayezera pomwepo kuya kwa tulo? Maganizowo alipo, ndipo akatswiri ena, monga a ku Drexel University ku Philadelphia, akhala akuwafufuza pogwiritsa ntchito njira yotchedwa fNIRS, yotsatira ntchito ya ubongo ndi kuwala komweku. Ubongo ukagona ndi mankhwala umachepetsa okosijeni amene umagwiritsa ntchito, ndipo ukamadzuka kayendedwe ka magazi kutsogolo kwa mutu kamasintha. Ineyo kafukufukuyu ndimamuikira kumtima, chifukwa kuwala sikuvulaza ndipo zipangizo zake zingathe kudzatsika mtengo. Komabe pali zopinga zenizeni. Kuwalako kumalowa pang'ono chabe, sentimita imodzi ndi theka kapena masentimita awiri, ndipo mbali ina ya zimene makina amaona ndi magazi a pakhungu la pachipumi, osati a muubongo. Magazi amachedwanso ndi masekondi angapo kutsatira zimene ubongo wachita. Chovuta kwambiri n'choti mankhwala ogonetsa sachita zofanana pa mitsempha. Propofol amachepetsa magazi opita kuubongo, sevoflurane amatanula mitsempha, pomwe ketamine, amene zipatala zambiri za kwathu kuno zimadalira, amawonjezera magaziwo. Onjezerani kutsika kwa BP ndi kusintha kwa mpweya wa carbon dioxide, mudzaona kuti odwala awiri ogona mofanana angaonetse manambala osiyana kutalitali.

Chimene madokotala amagwiritsa ntchito masiku ano ndi kapepala kena, komatanso pachipumi, koma komvetsera timagetsi ta muubongo. Kodziwika kwambiri ndi BIS, kamene kanavomerezedwa ku America mu 1996. Kamaonetsa nambala kuyambira 0 mpaka 100, ndipo pa opaleshoni amafuna ikhale pakati pa 40 ndi 60. Pa kafukufuku wa B-Aware wa mu 2004, wa odwala oposa 2,400 amene anali pachiopsezo chachikulu, awiri okha anatsitsimuka pa gulu la BIS, pomwe pa gulu lopanda BIS anali 11. Koma mu 2008 kafukufuku wa B-Unaware ku St Louis anapeza kuti kuyeza kuchuluka kwa mankhwala mu mpweya umene wodwala akutulutsa kumathandiza mofanana. Ndipo mu 2015 madokotala ena ku Australia anadzipereka kubayidwa mankhwala olefula minofu ali maso, osagonetsedwa. BIS inatsika ngati agona, pomwe iwo ankamva chilichonse. Zimenezi zimandikhudza kwambiri, chifukwa munthu wolefulidwa minofu ndi amene sangathe kugwedeza ngakhale chala kuti adziwitse ena.

Kodi kutsitsimuka pa opaleshoni kumachitika kangati? Lipoti la kafukufuku wamkulu wotchedwa NAP5 la mu 2014, la ku Britain komwe mukukhalako ndi ku Ireland, linapeza kuti pafupifupi wodwala mmodzi pa 19,000 anadzanena yekha kuti anatsitsimuka. Kumene ofufuza amafunsa wodwala aliyense mwachindunji, chiwerengero chimafika mmodzi kapena awiri pa 1,000, ndipo ambiri mwa iwo amakumbukira mawu kapena kukhudzidwa kwa kanthawi kochepa. Kwa amayi obereka kudzera pa opaleshoni atagonetsedwa thupi lonse, NAP5 inapeza mmodzi pa 670.

Ndiye mukadzakumana ndi dokotala wogonetsa tsiku lisanafike, mudzamuuze mantha anuwa mosabisa. Mudzatchule ngati inu kapena wachibale munatsitsimukapo pa opaleshoni, ngati mumamwa mowa kawirikawiri, ndiponso mankhwala aliwonse oletsa ululu kapena ogonetsa amene mumamwa, chifukwa zimenezi zimasintha mlingo umene thupi lanu likufuna. Mudzafunse ngati adzakulefulani minofu, komanso ngati mankhwala adzadzera mumtsempha mokha popanda a mpweya. Zikadzakhala zonse ziwiri, malangizo a ku Britain amati pakhale chipangizo chomvetsera timagetsi ta muubongo ngati BIS, ndipo muli ndi ufulu wofunsa ngati chidzakhalepo.