Ndisiye engineering ndikakhale loya wa ma patent?

Sabata ino ndalandira kalata ya mnyamata wa chaka chachitatu pa computer engineering. Akuti: "Bambo anga anamva kuti Apple inawina madola oposa 1 biliyoni pa mlandu wa patent ndi Samsung, ndiye akuti ndisiye zamakompyutazi ndikayambe law ku Zomba poti ndalama zili kwa maloya. Fizi amalipira ndi iwowo. Tulo sindikuliona, nditani?"

Makalata otere amabwera pafupipafupi, chimasintha ndi dzina la kosi basi. Mphwanga, usasiye. Watsala pang'ono kumaliza, ndipo digiri imene akukuuza kuti uitayeyo ndi imene ingakulowetse m'ntchito imene bambo akoyo akuisirira.

Tiyambe ndi nkhani anamvayo, chifukwa anangomva mutu wake. Patent ndi chiphaso chimene boma limapereka kwa amene watulukira chinthu chatsopano kuti ena asachikopere popanda chilolezo chake. Mlanduwo unayamba 2011, ndipo mu 2012 khothi la ku California linagamuladi pafupifupi madola 1.05 biliyoni, ina mwa nkhani zake inali maonekedwe a foni, ngodya zobulungira zija ndi kayalidwe ka ma icon pa sikirini. Koma Samsung inachita apilo, zinakafika mpaka ku Supreme Court mu 2016, mu 2018 chiwerengero chinali pa 539 miliyoni, kenako chaka chomwecho anagwirizana kunja kwa khothi. Zaka 7 akukokana, makampani awiri amene matumba awo sauma. Si ntchito yoti munthu ukamaliza LLB, digiri yoyamba ya law ija, mawa lake akuitana ayi.

Komanso ku America komweko zinthu anazimanga. Kunali makampani osapanga kanthu kalikonse, ntchito yawo kugula ma patent n'kumasumira anzawo, amawatcha ma patent troll, mwachitsanzo opanga BlackBerry analipira kampani ya NTP madola 612.5 miliyoni mu 2006 poopa kuti mafoni awo awatsekera. Ndiye mu 2011 kunabwera lamulo la America Invents Act limene linatsegula njira yotsutsira patent ku ofesi yolembetsa komweko osadikira mlandu wautali wa kukhothi, mu 2014 Supreme Court pa mlandu wa Alice inati kutenga ganizo wamba n'kungoti "lichitike pa kompyuta" sikokwanira kuti upatsidwe patent, ndipo mu 2017 pa mlandu wa TC Heartland anachepetsa mchitidwe wosankha khothi lokukomera, poti ambiri ankathamangira kum'mawa kwa Texas. Milandu ikadalipo yambiri, koma mpanda anaukweza.

Tsopano mvetsera apa, mpamene ndikufuna ugwirepo. Mlandu wa patent umaima kapena kugwa pa ma claim, timizere tija tofotokoza chimene wapangacho ndi malire ake. Wina ayenera kukhala pansi, kuwerenga claim ya momwe foni imatumizira data, n'kufufuza m'mapepala akale kuti aone ngati wina anali atazichita kale. Munthu amene sanagwirepo circuit kapena kulemba code sangazithe zimenezo. N'chifukwa chake ku America sungalembe mayeso oimira anthu ku ofesi ya ma patent ngati ulibe maphunziro a sayansi kapena engineering, digiri ya law payokha sikulowetsa. Ngakhale ku ARIPO ku Harare, bungwe lolembetsa ma patent la maiko ena a mu Africa limene Malawi ndi membala wake, amene amaunika ma patent ndi anthu a sayansi ndi ma engineer.

Njira imene ine ndimaikhulupirira ndi iyi: maliza digiri yako bwinobwino, panopa lembetsa kosi yaulere ya pa intaneti ya WIPO Academy (WIPO ndi bungwe la United Nations loona za ma patent ndi zina zotero) yotchedwa DL-101 kuti uone ngati zinthuzi zikukusangalatsadi, chifukwa kuwerenga ma claim n'kotopetsa ndipo ambiri amathawa pa tsamba lachitatu. Ukaona kuti mtima ulipo, Africa University ku Mutare ili ndi masters ya intellectual property, malamulo oteteza zimene munthu watulukira kapena kulemba, imene imachitika mogwirizana ndi WIPO ndi ARIPO. Law ukhoza kudzaiwonjezera pamwamba uli kale ndi pepala m'manja, Zomba sithawa.

Ndisakunamizenso. Kuno kwathu lamulo la ma patent ndi la 1957, nthawi ya chitaganya, ndipo patent imagwira ntchito m'dziko limene yalembetsedwa lokha. Amene amadya za intellectual property kuno amadyera kwambiri ma trademark ndi ma contract, ndipo code imene umalembayo imatetezedwa ndi lamulo la copyright. Mabiliyoni a Apple aja suwapeza pa High Court ku Blantyre.

Inu abambo, ndikudziwa muwerenga poti mwanayu akuonetsani. Mwalipira fizi zaka zitatu movutikira, lero mukufuna zonsezo zipite m'madzi chifukwa cha nkhani imodzi imene munamva, inunso simunaifufuze kuti inatha bwanji? Mwana mpaka kusowa tulo! Kulipira fizi sikukupatsani mphamvu yomusinthira kosi ngati mukusintha tchanelo, mufunseni kaye chimene iye amachitha.

Iwenso mphwanga, m'kalata yako yonse sunanene ngakhale pamodzi chimene iweyo ukufuna, wangoti bambo akuti, bambo akuti. Zimenezo zandidandaulitsa kuposa za bambo akozo. Ngati magiredi ako ali bwino ndipo Chingerezi cholemba umachitha, mwayi ulipo ndithu, poti anthu odziwa zamakina ndi malamulo pamodzi ndi ochepa kuno. Chita DL-101 ija pa holide ikubwerayi, ukamaliza undilemberenso undiuze ngati ukadali ndi chidwi.