Nthunzi yosungunula mafuta ku Canada

Funso: Akonzi, ndinamva zoti ku Alberta, Canada, mafuta apansi amachita kuwasungunula ndi nthunzi. Nanga kompyuta ikulowapo bwanji pa nkhani ya maboila?

Yankho: Mwamva zoona ndithu, mafuta a ku Athabasca, dera la ku Alberta komweko, ndi olimba ngati phula ndiye amapopera nthunzi pansi kuti afewe ayambe kuyenda. Vuto lili m'mapaipi a boila, makina owiritsa madzi kuti apange nthunziyo. Madzi ake amakhala ndi mchere, n'chifukwa chake amasandutsa nthunzi pafupifupi 80 peresenti yokha, otsalawo azinyamula zoipazo. Akauma onse mcherewo umakakamira ngati zoyera za m'ketulo zija, paipi imatentha mopyola mpaka kung'ambika, zoopsa kwabasi kwa ogwira ntchito. Ndiye mainjiniya amayerekezera pa kompyuta mmene thovu ndi madzi zikuyendera mkatimo, makamaka pokhota, kuti aone pomwe paipi ingaume, moto asanauyatse.